Ku Avondale, kwamene ma valve akali kuyaka

Ngati m'nyumba mwanu muli kabokosi kakale ka gitala kamene anasiya atate kapena amalume, osathamangila kukagulitsa kwa anyamata a scrap. Kapukuteni fumbi, kakulungeni m'bulangeti, mukwele nako basi ya ku Avondale pa Chiwelu m'mawa. Khalani kumpando wakutsogolo ndipo mukanyamule pamiyendo monga mwana, chifukwa mkati mwake muli magalasi.

Njila mukuidziwa: Great East Road, kupitilila Manda Hill, UNZA, Munali, Chainama, mpaka Chelstone. Mukafika mu Avondale chongo cha mu town chimatsala kumbuyo. Kuno ni ma wall fence, mageti achitsulo, mitengo ya mango ndi agalu ouwa alendo. Simungaganize kuti kuseli kwa geti ina kuli nyimbo. Koma m'galaji ina muli mudala wa imvi amene anakalambila pa kukonza mawailesi. Sayini alibe. Oimba a m'machechi ndi a m'mabala amauzana chabe pakamwa.

Mukalowa mumva fungo la solder ndi fumbi lotentha. Pa shelufu pali mabotolo a mayonesi odzala ma screw, ndi tumagalasi tooneka monga mababu aatali, tokulungidwa m'manyuzipepala. Amenewo ndiye ma valve. Tsiku limene ndinapitako ndinapeza mnyamata wa ku Kabwata, woimba gitala m'kwaya, atabweletsa kabokosi ka Fender kamene kanali ka malemu atate ake. Anafuna zinthu ziwili: kalile bwino, komanso asende chikumba chake chakale, akapente kofiila.

Mudala anayamba ndi pulagi. "Mwana wanga, aka kanachokela ku America. Kuja malaiti ni 120, kuno ni 230. Ukakalumikiza chabe ku chipupa, transformer yapsa, ndalama zayenda." Mumvetse imwe ogula katundu pa intaneti: welengani kumbuyo kwa bokosi musanayatse. Ngati palembedwa 117 kapena 120, mufunika step-down. Ndipo masiku a load shedding muzizula pulagi, chifukwa malaiti pobwelela nthawi zina amabwela ndi ukali.

Manje reverb ni chani? Ni kaja kamawu kotsalila m'mwamba, monga mukaomba m'manja m'chechi chachikulu mulibe anthu. Fender inatulutsa kabokosi aka mu 1961, nambala yake 6G15. Mkati muli kathanki kachitsulo ka ma spring. Mawu a gitala amagwedeza ma spring mbali imodzi, mbali inayo kachipangizo kena kamatola kugwedezeka kuja n'kukubweza kukhala mawu. Pamwamba pali ma knob atatu chabe: Dwell, Mixer ndi Tone. Dwell ndiyo imalamula mphamvu yomenya ma spring, Mixer imasakaniza mawu ouma ndi onyowa. Dick Dale ndi anzake a nyimbo za surf ku California ndi amene anakatchukitsa.

Ma valve alimo atatu. Ya 12AT7 imakweza mawu olowa, ya 6K6 imakankha ma spring, ya 7025, imene ili mtundu umodzi ndi 12AX7, imatola zobwelela. Pamene Fender inayambanso kupanga kabokosi aka m'ma 1990, inaikamo 6V6 m'malo mwa 6K6. Ya 6V6 ili ndi mphamvu maningi, ndiye chifukwa chake oimba ambili amaizula n'kubwezamo 6K6 yakale kuti mawu afewe. Miyendo yake ni yolingana, imalowa pa soketi imodzimodzi. Koma si valve iliyonse yolowa pa soketi imene ili yoyenela. Ya 12AX7 imakweza mawu ka 100, ya 12AT7 ka 60, ndipo mukazisintha malo mosadziwa mawu ake asintha.

Ka mnyamata uja kanali kakale zoona, ndipo vuto linali valve imodzi yotopa, imene inali kulila yokha akaigogoda ndi pensulo. Mudala anazima, anazula pulagi, anadikila galasi lizizile, ndiye anaigwedeza pang'onopang'ono poizula. Zimenezi mungachite nokha. Chimene simuyenela kuchita ni kumasula ma screw ndi kulowetsa zala mkati. Ma capacitor amasunga pafupifupi ma volts 300 ngakhale pulagi yazulidwa. "Ine nili na chipsela apa," anatelo mudala, akuonetsa chala. "Iwe ufuna tikakuimbile ku Chingwere?"

Ma valve sapezeka pa kona iliyonse. Atsopano amapangidwa m'mafakitale owelengeka, monga JJ Electronic ku Slovakia ndi fakitale ya ku Saratov ku Russia, ndipo nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 mitengo inakwela. Akale amazulidwa m'mawailesi akufa. Wina akakugulitsani valve m'njila, musalipile musanaimve ikulila.

Pa nkhani ya penti m'pamene anakangana. Mabokosi aya anali kutuluka ndi chikumba cha bulauni, choyelelako kapena chakuda, ndipo ogula zakale kunja amalipila maningi ngati chikumba ni chomwecho cha ku fakitale, ngakhale chong'ambika. Mukasenda, mtengo wagwa tsiku lomwelo. Mnyamata anati sagulitsa, ni ka atate ake. Mudala anamuonetsa pamene pali chizindikilo cha kapu ndi pamene ndudu inaotcha. "Ivi anasiya ni batate bako. Ufuna kuvifuta?" Mnyamata anakhala chete.

Anamvana motele: apite ku Kamwala agule chitenje cha mtundu umene afuna, telala asoke chovala chovula ndi kuvala, kumbuyo kukhale kotsegula kuti ma valve apume. Ma knob atsopano aikepo, akale asunge m'botolo. Ngati kanu ni katsopano kapena kopanga nokha, pentani mmene mufunila, ni kanu.

Mwina mufunsa kuti vonse ivi n'zachani, pamene foni ili ndi reverb ya mahala. Yankho lili m'mbili yathu. M'ma 1970 dziko lino linali ndi Zamrock: WITCH ya Jagari Chanda inatulutsa Lazy Bones!! mu 1975, Amanaz inatulutsa Africa chaka chomwecho, Ngozi Family inabwela ndi Day of Judgement mu 1976. Paul Ngozi anamwalila mu 1989, ndipo ku Kabwata kuli msewu wa dzina lake. Malekodi awo anasindikizidwanso ku America, WITCH inatulutsa Zango mu 2023 n'kuzungulila maiko. Koma zoimbila za m'nthawi ija zambili zinathela ku scrap, ndipo odziwa kuzikonza akukalamba opanda owalowa m'malo.

Valve ina italowa, mudala anayatsa. Kanali zii kwa kanthawi, kenaka mkati mwa galasi munafiila monga khala. Mnyamata anamenya chingwe chimodzi, mawu anadontha monga madzi m'chitsime. Anaimba pafupifupi ola lathunthu, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumila pa geti.

Pobwelela musaiwale kukhoma kathanki ka ma spring ndi kachitsulo kake kakumbuyo, chifukwa ma hump a mu Chelstone alibe chifundo. Ndipo mukapeza mudala wotele kwanu, musangosiya katundu n'kupita. Khalani pa benchi, mugwilileni tochi, mufunse mafunso.