Nambala ya pa Bokosi

Pa misika ya ku Ulónguè ndi ku Tete timaona mawailesi a m'galimoto otsika mtengo. Pa bokosi alembapo 1000 W. Ife amene taphunzira kuwerenga tisafulumire kukhulupirira.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Batire ya galimoto ili ndi mavolti 12. Kumbuyo kwa wailesi kuli fyuzi, kawirikawiri ya maampeya 10. Ticulukitse: 12 × 10 = 120. Mphamvu ikapitirira kwambiri mawati 120, fyuziyo imapsa. Nanga 1000 wacokera kuti?

Tifunefune nambala yokhala ndi zilembo RMS. Imeneyo ndiyo mphamvu imene wailesi imatulutsa mosalekeza.

Tisanalipire, tipemphe wogulitsa akweze mawu. Mawu akasasa, tiisiye wailesiyo. Ndalama za mbatata tidazikhetsera thukuta kumunda.