Laputopu inakamba zoona, koma K400 ya amama inapita

Poker inabwela ku Mphamba mu chola cha msuweni wanga wochokela ku Lusaka. Ise tinakulila pa nsolo, koma iye anatiphunzitsa Texas Hold'em kuseli kwa kashopu kena, tochi ya foni itakolekewa pa msomali. Aliyense alandila makadi awili obisa, muika ndalama, ndiye pambuyo pake makadi asanu agonekewa pakati pa tebulo. Nthawi ija mukalibe kuona makadi apakati, muli chabe na awili anu m'manja, amaicha preflop. Apo ndiye ndalama zanga zinali kufela.

Nchito yanga ni kukonza mafoni pa msika ku Lundazi boma, ndiye nili na kalaputopu kakale. Nitatopa na kuluza ma K20 na ma K30 usiku uliwonse, ninaikamo Equilab, pulogalamu yaulele. Mulemba makadi anu, mulemba makadi amene muganiza kuti mnzanu angakhale nawo, iyo ikuuzani kuti pa maulendo 100 muzawina kangati. Inanionetsa kuti pa makadi 52 mungalandile awili m'njila 1,326, koma mukawaika m'magulu ni mitundu 169 chabe, ndipo yambili mwa iyo ni zinyalala zofunika kutaya.

Chinanipweteka maningi ni King na Jack. Ine nikawaona, mtima unali kuvina. Manje pa tebulo pathu pali mdala wina wogula soya, amene saika ndalama yaikulu ngati alibe vinthu monga Ace na King. King-Jack yanga ikakumana na Ace-King yake iwina pafupifupi kamodzi pa maulendo anayi. Onani masamu yake: pakati pali K60, mdala walowa na yake yonse, ine nifunika kuika K40 kuti nimutsatile. Zonse pamodzi ni K100. Gawo langa pa K100 imeneyo ni K25 chabe, pamene nalipila K40. Ndiye kuti ulendo uliwonse ninali kumupatsa K15 ya mahala, olo tsiku lija nawina. Iyo ndiye amati EV: chimene chisankho chanu chikubweletselani ngati mwachibweleza kambili-mbili.

Ninasintha. Ninayamba kutaya makadi mpaka anzanga kunicha "abusa". Kuluza kunachepa, masabata ena n'kubwelako na ka K70. Apa niulule, mutu unakula. Ninayamba kuona anzanga monga ana a sukulu.

Mu October amama ananipatsa K400 yakuti nikalipile gawo lawo la FISP, feteleza na mbewu. Anaimasula pa nsonga ya chitenje, n'kuiwelenga kawili. Nitafika ku boma netiweki inavuta, nati nizalipila mailo. Madzulo ninapitila ku kashopu kaja, ati nikaoneko chabe.

Ninagula malo na K50 yanga. Itakwana 22 koloko kunabwela mnyamata wina wa minibasi za ku Chipata, thumba lodzala, akuseka kuti tisewela ndalama za maswiti. Anaika K400 pa tebulo. Ine ninatulutsa ya amama kuti nilingane naye, poti K50 yanga inali itatha kale. Mumtima nati nizangotaya makadi mpaka abwele abwino.

Ndipo anabweladi. Ma Ace awili. Vinthu vimene vibwela kamodzi pa maulendo 221. Mnyamata uja anakankha yonse pakati, ine osaganiza kawili. Anagwetsa ma 7 awili. Masamu ninali kuwadziwa pamutu: ma Ace pa ma 7 awina pafupifupi 80 pa 100. Pakati pali K800, gawo langa K640, naikapo K400, phindu K240. Kulibe pulogalamu pa dziko ingakuuzeni kuti mutaye.

Khadi lachinayi linali 7.

Ninayenda wapansi kubwelela ku nyumba, ku fumbi, agalu akuuwa. Nitafika ninayatsa laputopu n'kulembamo makadi aja futi, monga izasintha maganizo. Inakamba chimodzi-modzi. Ndipo sinaname: kamodzi pa maulendo asanu ma Ace amagwa, ivo ninali kuvidziwa. Chimene ilibe ni kabokosi kolembamo kuti ndalama iyi ni ya ndani. EV iwelengela munthu amene azasewela dzanja lomwelo maulendo 1,000 thumba osauma. Ine ninali na ulendo umodzi, na munda umodzi wa amama oyembekeza mvula ya November.

M'mawa ninawapeza akusesa pa bwalo. Ninayamba kufotokoza va 80 pa 100, kuti chisankho chinali chabwino, tsoka chabe. Anaimika tsache.

"Mwana wanga, iyo kompyuta yako izaika feteleza ku chimanga?"

Sananikalipile. Anapitiliza kusesa, ndipo icho chinanilasa kupambana mbama.

Tsiku lomwelo ninapita kwa munthu wa kaloba, n'kusiya laputopu monga chikole. Ananipatsa K400, yobweza K600 pakutha kwa mwezi. EV ya icho ninaiwelenga pamutu nili pa mzele wolipila, lisiti ya amama n'kuipinda bwino-bwino mu thumba ya shati.