Kodi h Ndi Ziro Kapena Ayi?

Chaka chathu choyamba pa yunivesite tidalephera mayeso a calculus. Tikuulula zimenezi pamaso panu, inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, pakuti chimene chidatigwetsa chingathe kugwetsanso ana amene mudzawaphunzitse. Tidaloŵa m'kalasi lija ndi matama, popeza ku sekondale masamu tinkawakhoza kuposa anzathu onse, koma tidatulukamo titataya mtima.

Aphunzitsi athu adali munthu wozama m'maphunziro, ndipo sitifuna kuwaipitsira mbiri. Tsiku lina adalemba pa bolodi njira yopezera derivative ya x². Adatenga (x + h)² nachotsapo x², ndipo padatsala 2xh + h². Adagaŵa zimenezi ndi h napeza 2x + h. Kenaka adati, "Tsopano h akhale ziro," nafufuta h uja ndi chala, ndipo padangotsala 2x. Ife tidakweza mkono ndi kufunsa kuti, "Pepani aphunzitsi, posachedwapa mwagaŵa ndi h, chonsecho tidaphunzira kale kuti sitigaŵa ndi ziro. Tsono h ameneyu ndi ziro kapena ayi?" Anzathu adaseka. Aphunzitsi adayang'ana wotchi yawo nati, "Loŵezani lamulo, zinazo mudzazimva m'tsogolo." Tidaloŵezadi, ndipo tinkatha kutsitsa kanambala ka pamwamba ndi kukachotsera chimodzi ngakhale tili m'tulo. Koma pa mayeso padabwera funso la mawu okhaokha lonena za madzi odzaza m'thanki, ndipo lamulo lija silidatiuze poyambira.

Padapita zaka tisanadziŵe kuti funso lathu silidali lopusa. Isaac Newton adatulukira njira zimenezi m'zaka za 1665 ndi 1666, pamene yunivesite ya Cambridge idatsekedwa chifukwa cha mliri, iye ali kwawo ku Woolsthorpe. Gottfried Leibniz wa ku Germany adazipeza payekha nazisindikiza mu 1684. Onse aŵiri ankagwiritsa ntchito tinambala tating'ono kwambiri, timene nthaŵi ina ankagaŵa nato ndipo nthaŵi ina ankatitaya ngati kuti si kanthu. Mayankho ankatuluka olondola, koma mu 1734 bishopu wina wa ku Ireland, George Berkeley, adalemba buku lotchedwa The Analyst m'mene adafunsa funso lomwelo limene anzathu adatiseka nalo. Yankho lokhutiritsa lidachedwa. Augustin Cauchy wa ku France ndiye adayala maziko ake mu 1821, ndipo Karl Weierstrass wa ku Berlin adadzalimbitsa ntchitoyo pambuyo pake. Chinthu chimene chidasautsa akatswiri zaka zoposa 100, ife tidauzidwa kuti tichimeze m'mphindi ziŵiri.

Chaka chatha funso lija lidatibwerera. Tinkaphunzitsa phunziro lomwelo, ndipo titafufuta h, mtsikana wina amene amakhala kumbuyo, wosalankhulalankhula, adakweza mkono nafunsa pafupifupi ndi mawu omwe aja. Kunena zowona, maso athu adathamangira pa wotchi. Silabasi idali kutali, mayeso adali pafupi, ndipo mawu akuti "loŵezani lamulo" adafika pakamwa. Tidawameza ndi manyazi, ndipo tidafufuta malembo onse pa bolodi kuti tiyambe ndi manambala.

Tidatenga chitsanzo cha mwala wogwa kuchokera pa thanthwe lalitali. Galileo Galilei adawonetsa kuti mtunda umene chinthu chakugwa chimayenda umakula molingana ndi nthaŵi yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Poŵerengera m'mamita ndi m'masekondi, mtundawo ndi pafupifupi 4.9 kuchulukitsa ndi t², koma ife tidatenga 5 kuti ntchito ipepuke. Motero pakutha kwa sekondi imodzi mwala wagwa mamita 5, ndipo pakutha kwa masekondi aŵiri wagwa mamita 20. Funso lidali lakuti, kodi mwalawo ukuthamanga liŵiro lanji pa kanthaŵi kenikeni kamene sekondi yoyamba ikutha? Liŵiro timalipeza pogaŵa mtunda ndi nthaŵi, koma pa kanthaŵi kamodzi palibe mtunda woyendedwa ndipo palibe nthaŵi yopita. Apa ndiye pagona vuto lonse.

Tidawagaŵa m'magulu. Gulu loyamba lidayesa kuyambira sekondi 1 kufika 2, ndipo lidapeza mamita 15 pa sekondi. Lachiŵiri lidayesa kuyambira 1 kufika 1.5 nilipeza 12.5. Lachitatu lidalekeza pa 1.1 nilipeza 10.5, ndipo lachinayi, limene lidalekeza pa 1.01, lidapeza 10.05. Mnyamata wina waliuma adapitirira yekha kufika 1.001 nafuula kuti 10.005. Tidandandalika mayankhowo pa bolodi ndi kukhala chete. Palibe amene adagaŵa ndi ziro, komabe aliyense ankawona nambala imene mayankhowo ankailondola. Mtsikana uja adati, "Ndiye kuti, aphunzitsi, pogaŵapo sitifika pa 10, koma tikuwona kuti ulendowu ukuloŵera kwa 10 basi." Tidamuuza kuti wanena bwino kuposa m'mene ife tidanenera, ndi kuti nambala yotereyi ndiyo imatchedwa limit.

Titabwerera ku malembo, adadzipezera okha kuti yankho lililonse lidali 10 + 5h. Tsono tidawapatsa kamaseŵera. Wina atchule kuti akufuna yankho liyandikire 10 motani, ndipo mnzake asankhe h wokwaniritsa zimenezo. Wina akati kusiyana kuchepere 0.001, mnzake ankatenga h wochepera 0.0002, ndipo kaya woyambayo aumirize chotani, h woyenera ankapezeka ndithu, ndiponso sankakhala ziro. Kamaseŵera kameneka ndiwo mtima wa zimene Weierstrass ankaphunzitsa, ngakhale kuti iye ankazilemba ndi malembo a Chigriki.

Ntchitoyi idatidyera maphunziro aŵiri athunthu, ndipo ena adadandaula kuti tikuwachedwetsa. Sitikuwatsutsa, pakuti mutu wina tidauthamangira pambuyo pake. Koma chimene tifuna kuti inu muchimve ndi ichi: chimene chidachedwetsa magulu aja sichidali calculus ayi. Ambiri adakakamira pogaŵa 1.05 ndi 0.1. Atapeza 10.5 adaikana, nati kugaŵa kumachepetsa nambala, tsono yankho lingapose bwanji 1.05? Aŵa ndi anthu amene adapambana mayeso onse a ku sekondale. Chikhulupiriro chimenechi adachitenga ku pulayimale, kumene kugaŵa kumayamba ndi malalanje 12 ndi ana anayi, ndipo nthaŵi zambiri kumatheranso pomwepo.

Ambiri a inu simudzaphunzitsa calculus, koma mudzaphunzitsa kugaŵa. Pamene mwana watha kugaŵa malalanje, mubweretsereni botolo la madzi ndi kachikho kakang'ono, ndipo mufunseni kuti kachikhoko kadzaza kangati. Kenaka mupatseni kachikho kochepera apo, kuti awone ndi maso ake kuti pamene chogaŵira chichepa, yankho limakula. Akadzakufunsani chifukwa chake sitigaŵa ndi ziro, musamuuze kuti ndi lamulo chabe. Mufunseni nambala imene, itachulukitsidwa ndi ziro, ingatipatse 6. Adzaifunafuna ndipo adzaisoŵa. Mufunseninso nambala imene, itachulukitsidwa ndi ziro, ingatipatse ziro, ndipo adzapeza kuti iliyonse ikutheka, kotero kuti palibe imodzi yoti n'kuiloza.

Mlungu wotsatira mtsikana uja adatipeza pakhomo la ofesi ndi funso lina. Adamva kwa mnzake kuti 0.999, pamene ma 9 akupitirira osalekeza, ndi chimodzimodzi 1, ndipo iye adakana kwamtuwagalu. Tidamulembera pa kapepala masamu atatu, 1 kuchotsapo 0.9, 1 kuchotsapo 0.99, ndi 1 kuchotsapo 0.999, ndipo tidamuuza kuti apitirize yekha abwere nako Lachinayi.