KABOKOSI KOBWEZA MAU KANAUTSA MKANGANO PA NYUMBA PATHU

Mwezi wa June caka catha amai anagulitsa nshawa zao ku Katete natumiza ndalama kwa mng'ono wanga amene ndikhala naye m'komboni ya Ng'ombe kuno ku Lusaka. Ndalamazo zinali zolipirira maphunziro ace a ukalipentala. Patapita masiku atatu, pobwera ku nchito ndinampeza ali khale pa mpando, gitala wa magetsi ali m'manja, phazi liri pa kabokosi kacitsulo kocepa kuposa njerwa. Akakhudza nsambo imodzi, liu linali kubwerera katatu kapena kanai, monga zicitika mbusa akafuula pafupi ndi phiri. Theka la ndalama za amai linali litathera pa kabokosi kameneko.

Mtima unandipsa. Ndinamuuza kuti kukaca akagulitse cinthuco. Iye anakana, nati eni mabandi a pa maukwati safuna woimba gitala wopanda "eko". Posafuna kukangana pamaso pa ana, tinapangana kuti mlanduwu akauweruze amalume athu a ku Matero, amene anaimbapo gitala m'mahotela ndi m'mabawa zaka za m'ma 1970.

Amalume anakatembenuza-tembenuza kabokosiko nafunsa kuti, "Nanga tepi yace iri kuti, mphwanga?" Atamva kuti mulibe tepi, anaseka mpaka misozi, nayamba kutifotokozera.

Makina akale obweza mau anali bokosi lolemera ngati sutikesi. M'kati mwace munali tepi yolumikizidwa nsonga zace, kotero kuti inali kuzungulira kosaleka. Tepiyo inali kudutsa pa tizitsulo tochedwa mitu. Mutu woyamba unali kujambula mau a gitala, ndipo mitu ina patsogolo pang'ono inali kuwaimbanso. Kanthawi kamene tepi inali kutenga kucoka pa mutu wojambula kufika pa mutu woimba ndiko kanali kucedwetsa mau. Mauwo akabwezedwanso ku mutu wojambula anali kubwerezeka kangapo, ulendo uliwonse mozimirira pang'ono.

Mngelezi wina, Charlie Watkins, anayamba kupanga makina otere ku London mu 1958, ndipo anadziwika ndi dzina lakuti Copicat. Ku America kunali Echoplex. Mu 1974 kampani ya Roland ya ku Japan inatulutsa Space Echo, imene akatswiri a nyimbo za reggae ku Jamaica monga Lee Perry anaikonda kwambiri. Kuno kwathu zimenezo zinali zaka za Zamrock, pamene kunamveka WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Boma la Dr Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo anyamata ambiri anathamangira magitala. Koma mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975 ndalama zakunja zinasowa, ndipo zipangizo zoimbira zinabvuta kupeza.

Amalume anati tepi ya m'bandi mwao ikaduka dansi iri m'kati, anali kudula ina ndi lumo naimata msanga anthu asanayambe kudandaula. Tepi ikakalamba mau anali kumveka obuma, ndipo injini yoizunguza ikatopa mau anali kunjenjemera.

"Ife tinali kulimbana nako kunjenjemera kumeneko usiku wonse," anatero amalume. "Lero iwe wakugula ndi ndalama za nshawa za mlongo wanga."

Ananena zoona. Timabokosi ta masiku ano, monga Boss RE-20 ka mu 2007 ndi Strymon El Capistan ka mu 2010, tiri ndi kakompyuta m'kati kotsanzira tepi, ndi zilema zace zomwe. Pa El Capistan pali ngakhale popotokola posankhira ukalamba wa tepi. Oimba akonda zimenezi cifukwa mau obwerera akamazimirira mobuma sapikisana ndi mau atsopano amene zala ziri kuimba. Ka mng'ono wanga ndi kochipa, kotengera timeneti.

Kenaka amalume anamuuza kuti azime kabokosiko ndi kuimba kalindula. Zala zace zinapunthwa kawiri. Atakayatsa, kupunthwako kunamveka ponseponse m'nyumba.

"Waona?" anatero. "Ukalakwa kamodzi, aka kalengeza kulakwa kwako kanai."

Anatenga gitalayo iwo eni. Anapotokola mpaka kubwerera kwa mau kunalingana ndi kugunda kwa phazi lao pansi, nacepetsa kubwereza kuti kukhale kawiri cabe. Anati nyimbo yofulumira ifuna eko yaifupi, ndipo yaitali iyenera nyimbo zodekha monga za m'chalichi. Pamene anayamba kuimba, gitala mmodzi anamveka ngati awiri oyankhana. Ndibvomere kuti pamenepo mkwiyo wanga unazirala. Ndinali kuyesa kabokosiko coseweretsa, koma m'manja odziwa ndi cipangizo ca nchito monga sowo kwa kalipentala.

Ciweruzo cao cinali cotere: kabokosi kasagulitsidwe, koma mnyamata apite yekha ku Katete akaulule kwa amai ndi pakamwa pace, abweze ndalamazo kucokera pa zimene alandira ku maukwati, tsiku liri lonse aimbe ora limodzi kabokosi kali kozima, ndipo ukalipentala asausiye. Anamkumbutsa za Emmanuel "Jagari" Chanda wa WITCH, amene mabandi atagwa anakhala mphunzitsi, pambuyo pace nakumba miyala ya mtengo wapatali, kufikira bandiyo inadzukanso ndi kutulutsa cimbale ca Zango mu 2023.

Ine ndinalipira za sukulu pa malipiro anga kuti asataye caka. Amai sanalankhule naye masiku awiri, koma tsiku lacitatu anamphikira nsima. Ngongole sinathe, kwatsala gawo limodzi mwa magawo atatu.

Kwa makolo a kumudzi amene ana anu ali m'tauni ndi magitala, ndinena ici: mwana akakupemphani ndalama za kabokosi kotere, musafulumire kukana ndipo musafulumire kupereka. Muuzeni ayambe wakuimbirani nyimbo imodzi yathunthu kabokosiko kali kozima.