Pamene Ndalama za Nyama Zinkafika pa Mudzi

Amene tinaona ndi maso athu ndalama za nyama zikuwerengedwa pabwalo tatsala owerengeka kuno ku Malambo. Chaka ndi chaka timaperekeza mmodzi kumanda, ndipo pamaliro sipapezeka woikumbuka nkhani imeneyi. Olankhula amatchula ana amene malemu wasiya ndi mpingo umene ankapemphera. Zakuti munthuyu anasungapo chuma cha midzi yambiri osasowetsa ngakhale ngwee, zimenezo zimakwiriridwa naye limodzi. Ndiye ndati ndikulembereni, adzukulu anga, mphamvu ya kugwira cholembera isanandithere.

Dziko lathu la Akunda lili m'manja mwa mafumu 6: a Nsefu, omwe ndiwo aakulu, a Jumbe, a Kakumbi, a Malama, a Mnkhanya ndi a Msoro. Pa nthawi ya atsamunda mafumuwa anali ndi ulamuliro wotchedwa Native Authority, wokhala ndi khoti lake, akalaliki ake, amesenjala ake ndi thumba lake la ndalama. Musaganize kuti ndikulirira utsamunda. Makolo athu ankathamangitsidwa ndi msonkho mpaka ku migodi ya ku Wankie ndi ku Joni, ndipo tsidya lija la Luangwa, limene linatsekedwa mu 1938 kuti likhale la nyama, munali minda ndi manda a anthu. Koma pali chinthu chimodzi chimene chinachitika bwino. Mu 1950 Norman Carr anakambirana ndi Mfumu Nsefu kuti apatule mbali ina ya dziko lawo kukhala malo osungira nyama, namangapo msasa wa alendo. Ndalama zimene alendo ankalipira zinkalowa m'thumba la Native Authority ya Akunda. Mzungu wojambula mkango ankasiya ndalama yake kwa akalaliki amene tinkawadziwa maina ndi kwawo komwe.

Ufulu utabwera, lamulo la 1965 linathetsa ma Native Authority, ndipo ife tinakhala pansi pa khonsolo ya ku Chipata, makilomita oposa 100 kuchokera ku Mfuwe, pa msewu umene dzinja unkasanduka dambo. Mu 1972 South Luangwa inakhala paki, dera la Nsefu lija linalowa momwemo, ndipo ndalama ya alendo inayamba kulunjika ku Lusaka. Nyama zinakhala za boma. Ife tinatsala ndi zipsera zake: mapira odyedwa usiku umodzi, nkhokwe zogumulidwa, mwana wogwidwa ndi ng'ona padooko.

Zotsatira zake ndinaziona. Mtengo wa kopa utagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, boma linalephera kugulira agemu ngakhale nsapato, pamene mtengo wa minyanga unkangokwera. Akatswiri amati kuchiyambi kwa zaka zimenezo chigwa chonse cha Luangwa chinali ndi njovu pafupifupi 100,000. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zinatsala zosakwana theka. Zipembere, zimene zinalipo masauzande, zinatheratu, ndipo mu 1998 Zambia inavomereza kuti ilibenso ngakhale chimodzi. Zimene mumamva kuti zili ku North Luangwa anachita kubwera nazo pa ndege kuchokera ku South Africa kuyambira mu 2003. Opha njovu ndi mfuti zankhondo ankadutsa m'midzi mwathu, kugula ufa, kulemba anyamata onyamula katundu. Palibe ankawaulula. Munthu angafere bwanji nyama imene mwini wake ali ku Lusaka? Ine chipembere ndinachiona chikumwa madzi kutsidya. Inu simudzachiona kuno, ndipo zimenezo zimandiwawa kuposa mmene ndingalembere.

Mu 1983 kunachitika msonkhano ku Nyamaluma wofunsa chimene chingachitike kuti anthu a dera lathu la Lupande apindule ndi nyama. Kuchokera pamenepo munabadwa ntchito ziwiri: ADMADE, imene inathandizidwa ndi Amerika, ndi LIRDP, imene inayamba mu 1986 ndi chithandizo chachikulu cha dziko la Norway. Yathu kwenikweni inali LIRDP. Oiyendetsa anali a Richard Bell ndi a Fidelis Lungu, ndipo wapampando wa komiti yake yaikulu anali Pulezidenti Kaunda mwini wake, amene ankachikonda chigwachi. Pulojekitiyi inagwira chilichonse. Inakonza msewu wa ku Chipata, inabweretsa basi, zigayo, ngongole za alimi, inalemba anyamata athu usikauti, inkatigulitsa nyama ya mvuu pa mtengo wotsika. Kupha njovu kunachepa. Tinayamika, ndipo ndimayamikabe.

Koma taonani mmene inamangidwira. Ntchito zonsezo, misewu, madzi, misika, ndi ntchito za khonsolo. Khonsolo ya masiku amenewo, chifukwa cha lamulo la 1980, inali itasakanizidwa ndi chipani, pamwamba pali bwanamkubwa wosankhidwa ndi Pulezidenti, m'thumba mulibe kanthu. Anzathu a ku Norway ataona zimenezo anailambalala. Anamanga maofesi awoawo, magalimoto awoawo, malipiro awoawo, mzere wolamulira wochoka ku Mfuwe kukathera ku State House. Sindiwadzudzula kwambiri, chifukwa njovu zinkafa tsiku ndi tsiku ndipo iwo ankafuna zofulumira. Koma Kaunda atagonja pa chisankho cha 1991, pulojekiti inatsala yopanda mtetezi, ndipo panalibe nyumba ya kuno imene ikanaitenga n'kuilera.

Poyamba, pa K100 iliyonse ya ndalama za nyama, K40 inkabwerera kwa anthu kudzera mu komiti imene munkakhala mafumu. Sukulu zina zinamangidwa, koma manong'onong'o anali ponseponse. Munthu wamba sankadziwa kuti zabwera zingati ndiponso zapita kuti, ndipo kwathu kuno mfumu siifunsidwa malisiti.

Chaka chimene ndimachilira ndi 1996. Chaka chimenecho, ndi uphungu wa a Brian Child amene anagwirapo ntchito yotere ku Zimbabwe, malamulo a pulojekiti anatembenuzidwa. Ndalama ya alenje achizungu osaka ku Lupande inayamba kufika kwa anthu eni ake, ndipo pa K100 iliyonse, K80 inkafika m'magulu a midzi otchedwa ma VAG, amene analipo oposa 40. Mafumu ndi makomiti a pamwamba anatsala ndi kagawo kochepa, ndipo si onse anakondwera.

Ndikanakonda mukanauona msonkhano wa pachaka. Unkatenga masiku angapo pansi pa msikidzi kapena pabwalo la sukulu. Choyamba ankawerenga maina a akuluakulu onse a m'gululo, amuna ndi akazi, aliyense kuyankha yekha. Kenako ankalemba pa bolodi nyama zimene zinaphedwa chaka chimenecho ndi mtengo wa iliyonse: njati yakuti, kambuku wakuti, mkango wakuti. Agogo amene sanapondepo m'kalasi ankawerengera pa zala, ndipo wolemba akalumpha nambala ankamubweza. Ndalamayo ikagawidwa pa mutu wa munthu aliyense, mkangano unkayamba. Ena ankati tigawane tonse, chaka chino ndi cha njala. Ena ankati aphunzitsi akuthawa chifukwa alibe nyumba. Amayi ankaimirira pa nkhani ya chitsime ndi chipinda chochiriramo, ndipo kawirikawiri ankapambana, chifukwa pokweza manja iwo ndiwo ankachuluka. Pomaliza tinkamvana: yakuti ilowe m'thumba la munthu, yakuti ku sukulu, yakuti kwa asikauti a mudzi. Munthu ankalandira yake m'manja, n'kusaina kapena kudinda chala. Inali ndalama yochepa, yogulira mchere, sopo ndi makope a ana, koma ankaidziwa gwero lake.

Miyezi ingapo ikapita, komiti inkabweranso pamaso pa anthu ndi buku ndi malisiti. Msungichuma wa gulu lathu anali mayi wamasiye wosalankhulalankhula. Buku lake ankalikulunga m'chitenje, ndipo ankakhoza kukuuza mtengo wa thumba lililonse la simenti. Kumene komiti inadya ndalama, anthu ankaichotsa pomwepo, pamaso pa apongozi ndi ana. Amene analemba mbiri ya pulojekitiyi pambuyo pake, a Barry Dalal-Clayton ndi a Child, anapeza zimene ife tinkadziwa kale: ndalama imene inkasowa m'midzi inali yochepetsetsa poyerekeza ndi imene inkasowa m'makomiti a pamwamba. Ndinamvapo mlenje wokalamba, amene gogodela sinkachoka paphewa pake, akukalipira mdzukulu wake chifukwa chotchera waya. Ankati ukupha nyumba ya aphunzitsi.

M'zaka zomwezo Mambwe inapatulidwa ku Chipata n'kukhala boma palokha, ndi khonsolo yakeyake. Apa ndi pamene mwayi unatipitirira. Khonsolo inabadwa yosauka, pamene ku Mfuwe kunali magalimoto, mawailesi ndi anthu odziwa kuwerengera ndalama. Midzi inali itaphunzira kudzilamulira, khonsolo inali ndi lamulo kumbuyo kwake, koma ziwirizi sizinalumikizidwe. K80 ija sinalembedwe m'lamulo la dziko ngakhale m'mabuku a khonsolo. Inali ndondomeko ya pulojekiti basi, ndipo akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Lamulo la nyama la 1998 linabweretsa bungwe loyang'anira nyama lotchedwa ZAWA ndi mabodi otchedwa ma CRB, limodzi pa ufumu uliwonse. Mu 1999 LIRDP inasanduka SLAMU, nthambi ya ZAWA. Mu 2001 Pulezidenti Chiluba analetsa usaki wa alendo, ndipo ndalama inauma. Usaki utabwerera, kagawidwe kanali kena: theka kwa ZAWA, K45 ku bodi, K5 kwa mfumu, ndipo ndalamayo inkayamba yapita ku likulu isanabwerere. Ma VAG anatsala ndi dzina ndi ntchito yosankha anthu opita ku bodi. Lamulo la 2015 linathetsa ZAWA, nyama zinabwerera ku dipatimenti ya boma mu 2016, ndipo mabodi m'dziko lonse akhala akudandaula poyera za gawo lawo lochedwa. Chaka chomwecho cha 2016 Norway inatseka ofesi ya kazembe wake ku Lusaka.

Wina adzati: agogo, khonsolo ikanapatsidwa ndalamazo ikanazidya, popeza makhonsolo a nthawi imeneyo ankalephera kulipira ngakhale antchito awo. Mwina n'zoona. Ine sindikunena kuti ndalama ya mudzi ikanasungidwa ku boma. Ndikunena kuti khonsolo ikanakhala mboni ndi mlonda wa pangano lija la K80, ikanalemba m'mabuku ake chitsime chilichonse ndi kalasi iliyonse imene midzi inamanga, kuti mjigo ukathyoka pakhale woyankha. Khansala timakumana naye pamaliro, timadziwa munda wake, ndipo pakatha zaka 5 tikhoza kumuchotsa. Amene amadula ndalama ali ku Oslo kapena ku Washington sitidzawaona nkhope. Mayiko olemera iwo eni anavomereza ku Paris mu 2005 kuti thandizo lizidzera m'njira za dziko lolandira, koma kuno zinali zitachitika kale.

Lero abwenzi achuluka kuposa kale, ndipo ambiri akugwira ntchito yooneka. COMACO, imene inayamba mu 2003, imagula mbewu kwa alimi amene asiya misampha. Conservation South Luangwa imachotsa mawaya m'miyendo ya nyama ndi kuthandiza alimi kuthamangitsa njovu ndi tsabola. Kwabwera ndalama za kaboni zolipira mitengo yosadulidwa, kwabwera ntchito ya World Bank ya nkhalango m'chigawo chino cha Kum'mawa. Nayonso khonsolo siilinso yosauka ngati kale: mu 2022 ndalama ya chitukuko ya CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo lamulo la 2019 linakhazikitsa makomiti a chitukuko m'mawadi. Madesiki afika, ana ena akulipiriridwa sukulu. Koma mudzi umodzi tsopano uli ndi komiti ya wadi, komiti ya nyama, komiti ya nkhalango, kopaletivu, iliyonse ndi bwana wake, buku lake ndi sikipa yake, ndipo nkhope zake n'zomwezomwezo. Anthu asanapite ku msonkhano amayamba afunsa ngati kuli alawansi. Ife tinkanyamula ufa wathu. Mu 2025 Amerika atatseka USAID, zinaonekanso kuti ntchito yoimira pa siginecha ya munthu wakutali imatha pa tsiku limene iye wafuna.

Njovu zabwerera, ndipo ndimakondwera kuziona, ngakhale zimathyola mango pakhomo panga. Zikadya munda, lamulo la dziko lino silipereka chipukutamisozi, monga mmene zinalili ndili mnyamata. Kusiyana kwake n'kwakuti panali zaka zochepa pamene mwini munda ankakhoza kuima pabwalo n'kufunsa kuti nyama za chaka chino zabweretsa zingati, ndipo ankayankhidwa ndi nambala. Mayi wa buku la m'chitenje uja anamwalira, mlenje uja anamwalira, ndi ambiri amene ankakweza manja. Ndikafotokozera achinyamata a m'makomiti a lero kuti K80 pa K100 inkafika pa mudzi ndi kuti agogo awo ndiwo ankaigawa, amamvetsera mwaulemu, kenako amandifunsa kuti linali bungwe liti, ndipo ngati lingabwerenso.