Akuti Galimoto Yangayi Ndikaitaye

Abale anga, lero ndilemba zambiri, chifukwa chiyambire Lachiwiri mtima wanga sunakhale m'malo. Ndinapita ndi galimoto kukayezetsa MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, pa galaja ina kuno ku Manchester. Anandikhazika pampando kuseri kwa galasi, ine maso ali pa munthu amene analowa kunsi kwa galimoto yanga ndi tochi ndi kahamala, kugogoda apa, kugogoda apo. Atatuluka anandipatsa pepala. Yalephera. Dzimbiri ladya chitsulo cha m'munsi mwa chitseko cha kumanzere, pafupi ndi pamene pamagwira lamba wa mpando. Kenako anandiuza, mwaulemu ndithu, kuti ndalama yowotcherera malo amenewo ikuposa mtengo wa galimoto yonse, ndiye bola ndiitane ogula zitsulo adzaikoke. Anazinena mopepuka ngati akukamba za ndowa yobooka. Injini ikulira bwinobwino, magiya akulowa myaa, mabuleki akugwira, koma akuti ndikataye.

Ena mwa inu munaiona pa zithunzi. Ndi Mazda RX-8 ya 2005, yofiira, ya magiya 6. Ndinaigula chaka chatha ndi mapaundi 1,400, ndalama yoti kwathu simungatenge nayo ngakhale ka Mira kotopa. Kutchipa kwakeko kuli ndi chifukwa: anthu kuno amaiopa injini yake. Mulibe mapistoni tinawazolowera aja. Muli zitsulo ziwiri za ngodya zitatu, zooneka ngati samusa wofufuma m'mbali, zimene zimazungulira m'chibowo chonga khoko la mtedza wa njere ziwiri. Anayambitsa nzeru imeneyi ndi Felix Wankel wa ku Germany, koma amene anaikakamira zaka ndi zaka ena onse ataisiya ndi a Mazda a ku Hiroshima, mpaka mu 1991 anapambana nayo mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans. Papepala ndi injini ya malita 1.3 okha, ngati ya Demio, koma horsepower yake ndi 231, ndipo imazungulira mpaka ka 9,000 pa mphindi. Ukaiponda, kulira kwake kumangokwera, kumangokwera, osanjenjemera, mpaka kabelu kamalira kukukumbutsa kuti sintha giya. Tsiku loyamba kumva kabelu kameneko ndinaima pambali pamsewu, manja akunjenjemera ndi chimwemwe.

Ili ndi miyambo yake, ndipo ndimaisunga. Oyilo imamwa mwadala, pang'onopang'ono, chifukwa tizitsulo ta pansonga za masamusa aja, timene amati apex seals, timafuna kuti tizikhala tonyowa. Choncho ndikathira petulo kawiri, kachiwiriko ndimatsegula boneti n'kuona oyilo, ndipo m'buti simusowa chigubu. Ukailiza m'mawa kukuzizira usaizimitse isanatenthe, apo ayi petulo amadzadza m'kati ndipo imakana kulira. Zinandichitikira kamodzi, nditangoisendeza kuti mnzanga wokhala naye nyumba atulutse yake. Mankhwala ake ndi kuponda mafuta mpaka pansi uku ukupotokola kiyi, pamenepo kompyuta imadula petulo. Ndinachita zimenezo kangapo, inatsokomola, kenako inadzuka utsi uli tolotolo. Petulo imamwa kwambiri, zimenezo sindibisa. N'chifukwa chake kuntchito ndimapita pa basi, iyoyi ndi ya Lamulungu ndi masiku opuma.

Pa nkhani yogula, dziko la eni ndiliyamikire. Ukangodziwa nambala ya galimoto umalowa pa tsamba la boma pa intaneti, mwaulere, n'kuona mbiri yake ya MOT chaka ndi chaka: inali itayenda mtunda wotani, inalephera pati, anachenjezapo zotani. Wina akabweza mita m'mbuyo, manambala omwewo amamuulula. Magalimoto atatu ndinawakana ndili chogona pabedi, osawononga ngakhale ya basi. Kwathu mukudziwa mmene timagulira, khutu pa injini, mtima pa mawu a wogulitsa. Amene anandigulitsa iyi anali bambo achikulire a ku Stockport. Ananditulutsira chifayilo chonenepa, malisiti a oyilo, a mapulagi, a ma coil onse anayi, osanjidwa potsata zaka, ndiponso pepala la compression losonyeza mbali zonse 6 za masamusa awiri aja. Ine ndinawonjeza mayeso anga. Tinayenda nayo mpaka inatentha, ndinaizimitsa, n'kuilizanso nthawi yomweyo. Injini yamtunduwu ikatopa imalira ikazizira koma imavuta ikatentha. Iyi inalira kamodzi. Popereka kiyi bambowo anasisita denga lake kawiri asanabwerere m'nyumba.

Ngakhale chaka cha 2005 ndinachisankha dala. Msonkho wa pamsewu kuno amawerengera utsi umene galimoto imatulutsa, ndipo galimoto yautsi wambiri ngati iyi, ngati inalembetsedwa kuyambira pa 23 March 2006, msonkho wake umatsala pang'ono kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi inzake yofanana nayo ndendende imene inalembetsedwa tsikulo lisanafike. Magalimoto awiri, injini imodzi, utsi umodzi, kusiyana tsiku la papepala basi. Amene sadziwa zimenezi amasangalala kuti wagula yatsopanoko, n'kudzalira chaka chilichonse.

Chimene chinandiwawa poyamba ndi inshuwalansi. Ya chaka choyamba inaposa mtengo wa galimoto. Laisensi ya kwathu imagwira ntchito miyezi 12 yokha ukafika. Anzathu a ku Zimbabwe ndi a ku South Africa amangosinthitsa yawo, koma ife timayambiranso, mayeso a pakompyuta ndi a pamsewu omwe. Zaka zonse ndinayendetsa pa M1 kwathu, kuzemba maenje, njinga ndi mbuzi, usiku ndi mvula yomwe, kuno siziwerengedwa. Papepala ndine mwana woyamba kumene kugwira chiwongolero. Ndiye inshuwalansi yake imatchula dzina la munthu woyendetsa. M'bale wina wa kutchalitchi anandipempha kuti akatengere mlendo ku bwalo la ndege, ine n'kumukaniza. Mmene nkhope yake inagwera sindiiwala. Koma akanagwidwa, ndi chindapusa cha mapaundi 300, mapointi 6 pa laisensi, galimoto n'kulandidwa, ndipo makamera amawerenga nambala okha popanda wapolisi kukuimitsa. Kwa amene laisensi yake sinathe zaka ziwiri, mapointi 6 ndiye kuti yapita, akayambirenso mayeso. Ndinamufotokozera zonsezi, anamva, komabe usiku umenewo ndinagona ndi manyazi. Ndinakula ndikuona bambo anga akupereka kiyi pamaliro osafunsa kuti abweza liti.

Mwina mukufunsa kuti galimoto yothamanga chonchi ndi yachiyani m'dziko loti liwiro lomaliza ndi mamailosi 70 pa ola, pomwe iyo ingathe kuposa pamenepo kawiri. Ndinadzifunsanso. Makamera ali ponseponse, ena amakuwerengera nthawi kuchokera apa kukafika apo, moti kuchepetsa liwiro pansi pa kamera sikukupulumutsa. Kukoma kwa galimotoyi kuli m'makona. Pali msewu wa A57, umene amautcha Snake Pass, wodutsa m'mapiri pakati pa Glossop ndi Sheffield. Lamulungu m'mamawa ndikaweruka ntchito ya usiku ndimapita kumeneko, nkhungu ikadali m'zigwa, nkhosa zili m'mbali mwa msewu. Giya yachitatu, yachiwiri, yachitatunso, galimoto imamvera ngati ikudziwa maganizo ako. Pali pena pamene msewu umakhota phiri lili kumanzere, chigwa chili kumanja, ndipo nthawi zonse ndikafika pamenepo ndimaona Khwekhwelere, potsikira ku Golomoti, nyanja ikuonekera patali. Ndimatsitsa galasi, koma mphepo yake ndi ina, fungo lake ndi lina.

Apa ndipatukeko pang'ono. Nditaika chithunzi cha galimotoyi pa WhatsApp, uthenga woyamba kuchokera kumudzi unali woti achimwene ndalama zakuchulukirani, mwayamba kugula zoseweretsa. Unandibaya. Ndimagwira ntchito ya usiku kumalo osamalira okalamba, maola 12, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa, ena osadziwa ngakhale dzina langa patatha zaka ziwiri. Ndalama ya feteleza ya amayi sinachedwepo. Fizi ya ana a malemu achemwali anga sinadumphepo teremu. Ndimagona m'chipinda chimodzi cha lendi, mipando ndi ya eni nyumba, makatani ndi a eni nyumba. M'dziko lonse lino chinthu chimene ndingaloze n'kunena kuti ichi n'changa ndi galimoto imeneyi. Miyezi ya December ndi January, pamene kumada 4 koloko masana ndipo munthu umatha sabata osaona dzuwa, inandigwira mtima ndi iyoyo. Sindikupempha chifundo, ndikungofuna mudziwe chimene bambo wa pa galaja uja amati ndikataye.

Dzimbirilo gwero lake ndi mchere. Nyengo yozizira malole a khonsolo amayenda usiku kuwaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane. Mcherewo umasakanikirana ndi matope, umalowa m'makwinya onse a kunsi, n'kumadya chitsulo kuchokera m'kati, pamwamba penti ikuwala bwinobwino. Kwathu Corolla ya m'ma 1990 ukaigonera pansi umapeza fumbi lofiira basi, chitsulo chili gwa. Kuno galimoto imaola ngati chinangwa chokhalitsa m'madzi. Lamulo lawo limati dzimbiri lofooketsa chitsulo likakhala mkati mwa masentimita 30 kuchokera pamene pamagwira lamba, masipuling'i kapena chiwongolero, galimoto yalephera. Ndipo pamenepa sinditsutsa. Lamba womangirira pachitsulo chowola sangagwire munthu pangozi, ndipo tonse taonapo magalimoto kwathu oti sanayenera kunyamula munthu. Kuyezako sindidandaula nako, ngakhale mtengo wake boma linaika malire, mapaundi 54.85.

Chondipweteka ndi masamu amene amabwera pambuyo pake. Pa galaja imeneyo ola limodzi la makaniko anandiuza mapaundi 80, kaya wamanga nati imodzi kaya wachotsa injini. Akawerengera maola a ntchito n'kuona kuti aposa mtengo wa galimoto, nkhani yatha, galimoto yafa. Chitsulo chofunikacho n'chotchipa, chodula ndi dzanja la munthu. Ndiye magalimoto abwinobwino, a injini zamoyo, amakapondedwa n'kukhala chibuma chachitsulo chifukwa cha bowo loti chikhatho chikhoza kuliphimba. M'kati mwa galajamo sakulola n'kulowa komwe, akuti malamulo a chitetezo. Sungakhale patayala pambali pa makaniko n'kumamupatsira sipanala, sungaone chimene wachotsa, sungaphunzirepo kanthu. Umangolandira pepala.

Lachitatu ndinaimbira amalume anga ku Ndirande, amene agwira zowotcherera chiyambire ine ndisanabadwe. Ndinakweza galimoto pa jeke, n'kugona pansi ponyowa foni ili m'manja, vidiyo ikudukaduka. "Sendeza kumanzere," anatero. "Tagogoda ndi sipanala ndimve." Ndinagogoda. "Pitirira kutsogolo. Apo. Gogodanso." Anakhala chete, kenako ndinamva akuuza anyamata awo kuti abwere adzaone. "Chimenechi ndiye akuti galimoto yafa? Mphwanga, ukanabwera nayo kuno m'mawa, nsima yamasana ukanakadyera ku Limbe uli pa galimoto yomweyo." Ndinati, "Amalume, kuno akuti ndi ntchito ya masiku awiri." Sanaseke. Anandiuza kuti wowotchererayo adule mpaka apeze chitsulo choyera, asaphimbe chigamba pamwamba pa dzimbiri, aone ngati la m'kati silinadyekenso, achotse batire ndi kapeti asanayatse moto, ndipo asamale paipi ya petulo. Munthu amene sanaionepo RX-8 ndi maso, anamva ndi khutu, kudzera pa foni, pamene chitsulo chabwino chikuyambira. Nditadula foni ndinakhalabe pansi pomwepo kanthawi, misozi ikulengeza. Anthu a luso lotere kwathu amagwira ntchito pabwalo, magetsi akuzimazima, n'kumalipidwa ndalama yoti kuno sigula ngakhale mphindi 20 za makaniko.

Ndinaganizapo zoitumiza kumudzi pa sitima, idzatsikire ku Dar es Salaam ngati mmene amabwerera magalimoto a ku Japan aja. Koma ya sitima ndi msonkho wa pa boda mukuzidziwa, ndipo ndi kufupika kwake hampu yoyamba ya mu Lilongwe ingaichotse ekizozi. Tsiku limene apex seal ingathyoke, sipeya yake ndingakaifunse kwa yani?

Pali gulu la eni magalimoto amtunduwu limene limakumana pabwalo lina loimikapo magalimoto kamodzi pamwezi, ambiri ndi azibambo aimvi, amene amatsuka injini ndi mswachi. Nditawauza za pepala lija, mmodzi anandilembera nambala ya mkulu wina wopuma pantchito cha ku Oldham, amene amawotcherera m'shedi kuseri kwa nyumba yake. Ndinamutumizira zithunzi pamodzi ndi malangizo a amalume, nditawamasulira m'Chingerezi. Anayankha kuti amene wanena zimenezi ntchito amaidziwa, ndipo watchula mapaundi 450 ngati mpando ndi kapeti ndichotse ndekha. MOT yakale yatha dzulo, ndiye lamulo likungondilola kuiyendetsa popita kokakonzetsa kapena kokayezetsa nditapangana nawo kale. Ndapempha mausiku awiri owonjezera kuntchito sabata ino. Mpando ndachotsa kale, uli m'chipinda mwanga pambali pa bedi, mabawuti ake ndawasunga m'chitini cha majarini. Loweruka 8 koloko m'mawa ndikhala ndili ku Oldham, ndipo amalume anena kuti ndiwaimbire moto ukangoyaka, akufuna aone okha mmene mkuluyo akudulira.