Fodya Wako ndi Uyo Ali Pamphuno: Nkhani ya Makamera Awiri

Akale anati, "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo." Mwambiwu unabadwa masiku amene akuluakulu ankanunkhiza fodya wopera. Munthu ankatapa fodyayo ndi zala ziwiri, koma asanamufikitse kumphuno, kamphepo kankatha kumuuluza yense. Ambiri amamva mwambiwu ngati langizo lakuti munthu azikhutira ndi chimene ali nacho, ndipo salakwa. Koma mwambiwu umanenanso za nthawi. Pakati pa chala ndi mphuno pali kamtunda, ndipo m'kamtunda kameneko ndimo mumadutsa mphepo. Nkhani ili m'munsiyi ndi ya mtsikana amene anayenera kuyeza kamtunda kotereka posankha kamera.

Mtsikanayo anali mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale ku Lilongwe, koma kwawo kunali m'boma la Mchinji. Pofika chaka cha 2024 anali atasunga ndalama kwa zaka ziwiri kudzera m'chipereganyu cha aphunzitsi anzake, cholinga chake chili kugula kamera. Chifukwa chake chinali kumudzi. Agogo ake aamuna anamwalira osasiya chithunzi chooneka bwino. Chimene chinalipo chinali chimodzi chokha cha paukwati wina, chojambulidwa ndi wojambula woyenda panjinga, ndipo iwo anaima kumbuyo kwa khamu, nkhope yawo ili ngati njere ya mapira. Ana obadwa pambuyo akafunsa maonekedwe a agogowo, akuluakulu ankangoloza mphuno ya amalume ndi chipumi cha mayi aang'ono, n'kunena kuti aphatikize okha. Agogo aakazi analipo, zaka zawo zitapitirira 80. Zithunzi zawo zochepa zimene mtsikanayo anajambula pafoni zinapita pamodzi ndi foniyo itabedwa m'minibasi. Panalinso chinthu chachiwiri chimene ankachilakalaka: kukaona ndi kujambula mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti.

Makamera amene anali pamaso pake anali awiri. Yoyamba inali ya amalume ake, amene anagwirapo ntchito ku Johannesburg n'kubwerako ndi Canon PowerShot SX50 HS, kamera imene inatuluka mu 2012. Iwo anati, "Tenga iyi mwanawe, ungondipatsa ya sopo." Yachiwiri inali Canon EOS R50, ya mu 2023, imene msuweni wake wokhala ku Britain analonjeza kudzabwera nayo mu Disembala ngati atatumiziridwa ndalama. Pamenepa panali vuto, chifukwa kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimene mtsikanayo anasunga zinachepa mphamvu pogula katundu wakunja. Kuti akwanitse anayenera kupereka zonse, n'kuwonjezerapo za miyezi yotsalayo.

Safunsa anadya phula. Mtsikanayo anafunsa odziwa, anawerenga, ndipo anapeza kuti makamerawa akusiyana pa zinthu ziwiri zikuluzikulu.

Choyamba ndi lenzi, diso lagalasi la kutsogolo lija. Kamera ya amalume ndi ya mtundu umene Azungu amautcha bridge, kutanthauza mlatho, chifukwa inapangidwa kuti ikhale pakati pa timakamera ta m'thumba ndi makamera akuluakulu a akatswiri. Lenzi yake sichotsedwa, koma imakoka chinthu chakutali ka 50, kuchokera pa mamilimita 24 kufika pa 1200 monga amawerengera ojambula. Ya msuweni ndi ya mtundu wa mirrorless, umene unayamba kugulitsidwa mu 2008 pamene kampani ya Panasonic inatulutsa Lumix G1. Dzinali limanena kuti mkati mwake mulibe kalilole kamene makamera akuluakulu akale anali nako, kotumiza chithunzi kudiso la wojambula. Malenzi ake amasinthidwa, koma imene kawirikawiri imagulitsidwa pamodzi ndi kamerayo, ya mamilimita 18 mpaka 45, imakoka kawiri ndi theka kokha. Wofuna kufika patali ayenera kugula lenzi ina payokha, ndipo malenzi otere mtengo wake suchepa.

Chachiwiri ndi sensa, kachipangizo ka mkati kolandira kuwala, kamene kanalowa m'malo mwa filimu. Kuwala kuli ngati mvula, sensa ili ngati chiwiya chotchera madzi. Ya kamera ya amalume ndi ya mamilimita pafupifupi 6 m'litali ndi 4.5 m'lifupi, yosaposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Ya kamera yatsopano ndi ya mamilimita pafupifupi 22 ndi 15, ndiye kuti bwalo lake ndi lalikulu pafupifupi ka 12. Mvula ikamagwa yambiri, kapu ndi beseni zonse zimadzaza. Ikamangowaza, wa beseni amapeza omwa, wa kapu n'kutsala ndi madontho. N'chimodzimodzi ndi makamerawa: padzuwa onse awiri amajambula bwino, koma m'nyumba ndi madzulo yaing'ono sensa imavutika. Ndipo kuchepa kwa sensa komweko ndiko kumalola kuti lenzi yokoka patali chotero ikwane m'kamera yonyamula ndi dzanja limodzi. Walira mvula walira matope.

M'mwezi wa Juni mtsikanayo anabwereka kamera ya amalume kuti akaiyese kumudzi. Tsiku loyamba inamusangalatsa kwambiri. Anajambula kabawi atatera pansonga pa mtengo kutsidya kwa dambo, nthenga zake zikuoneka imodziimodzi. Usiku anajambula mwezi, ana a m'mudzi n'kuunjikana kudzaona zigwa zake. M'mawa mwake anaona agogo ake akupeta chimanga kuseri kwa nkhokwe, ndipo iye ali chikhalire pansi pa mtengo wa mango, anakoka lenzi n'kuwajambula iwo osadziwa. Atapita kukawaonetsa, agogowo anayang'ana kanthawi osayankhula. Kenako anati, "Iwe, ine ndasanduka njiwa yoti uzindilasa uli m'tchire? Pakhomo pa munthu timayamba taodira. Ukanandiuza ndikanavala duku langa la kutchalitchi." Mtsikanayo anagwada n'kupepesa, ndipo chithunzicho anachifufuta agogowo akuona.

Madzulo a tsiku lomwelo anapempha chilolezo, n'kuyesa kuwajambula m'khitchini akuotha moto ndi kusimbira ana nthano. Apa ndipo pamene kamerayo inaonetsa malire ake. Kuwala kukachepa, kamera imatsegula diso nthawi yotalikirapo, choncho dzanja la agogo likangoyenda chithunzi chinkatuluka chopakika. Akaiuza kuti ifulumire, nkhope inkadzaza timadontho ngati mchenga. Atayatsa fulashi, agogo anatsinzina, moto unazimirira m'chithunzi, ndipo khitchini inaoneka ngati chipinda cha kuchipatala. Mtsikanayo anagona ali wokhumudwa. Ankadziwa kuti kamera yatsopano ija, ndi sensa yake yaikulu ndi nzeru yake yotsata diso la munthu yokha, ikanajambula usiku umenewo bwino kwambiri, makamaka itaikidwa lenzi yolowetsa kuwala kochuluka.

Atabwerera ku Lilongwe mtima wake unagawika. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Akaganiza za Mkaika, inkamukomera ya amalume. Akaganiza za moto wa m'khitchini, inkamukomera ya msuweni. Kugula zonse ziwiri sakanatha. Ndipo panali nkhani ina imene sinkakhudza magalasi. Kwa Achewa amalume ndiwo mwini mbumba, ndiwo amaimirira mwana wa mlongo wawo pa chinkhoswe ndi pa milandu. Kuwabwezera chinthu chimene apereka ndi mtima wonse kumafuna mawu osankhidwa bwino.

Anapita kukawaona. "Amalume," iye anatero, "kamera yanu ija kutali imaona kuposa mphungu, koma m'nyumba ndi yakhungu. Ndikuopa kuti ndikaitenga agogo sindiwajambula bwino."

Amalumewo sanakwiye. Anamufunsa kuti msuweniyo akubwera liti, ndipo atamva kuti mu Disembala, anawerenga ndi zala: Julayi, Ogasiti, Sepitembala, Okutobala, Novembala. "Miyezi isanu yathunthu," iwo anatero. "Kwa iwe ndi teremu imodzi ndi kachidutswa. Kwa amayi anga ndi nthawi imene palibe angakulonjeze. Komanso ukapereka ndalama zonse, kumudziko uzidzapita ndi chiyani? Kamera siikwera basi yokha."

Mawu amenewa ndiwo anathetsa nkhani. Mtsikanayo anatenga kamera yakale ija, koma anayamba waifufuza monga mmene munthu amayenderera ng'ombe asanaigule. Anaunika m'lenzi ndi tochi kuti aone ngati munamera nkhungu, imene imakonda magalasi osungidwa ponyowa. Anaikoka kangapo mpaka kumapeto kuti amve ngati ikugwira penapake. Batire lake linali litatopa ndi ukalamba, choncho anagula ena awiri, poti kumudzi kotchajira n'kutali, ndiponso makhadi awiri osungira zithunzi. Ndalama zotsala anazigawa pawiri: za maulendo a kumudzi ndi zotsukitsira zithunzi.

Kenako anaphunzira kupatsa kamerayo chimene inkasowa. Popeza kapu yake inali yaing'ono, anaitengera kumene mvula ikugwa yambiri. Ankadikira m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, n'kuyala mphasa pakhonde, pamthunzi koma moyang'anana ndi bwalo, kuti kuwala kofewa kugwere pankhope. Iye ankakhala pansi chapafupi, zigongono zili pamawondo kuti manja asanjenjemere, lenzi ataikoka pang'ono chabe. Agogo ankavala duku lawo lija. Poyamba ankauma thupi ngati ali pamaso pa woweruza, ndipo mtsikanayo anazindikira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankaika kamera pamiyendo n'kuyamba kuwafunsa za makolo: amayi awo anali yani, mbumba inachokera kuti, m'chaka cha njala cha 1949 anapulumuka bwanji. Nkhani ikakoma, nkhope inkamasuka, ndipo pamenepo ndi pomwe ankadina. Mayina onse amene agogo ankatchula ankawalemba m'kope. Loweruka lililonse limene akanatha ankakwera basi ya ku Mchinji.

Mu Ogasiti anadutsa pachipata cha Mwami, n'kupyola Chipata mpaka ku Katete. Kumeneko kamera yakale inali pakwawo. Khamu linali lalikulu, ndipo munthu wamba sayandikira pamene pakhala mafumu. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, amafuna kupatsidwa malo, ndipo wosalowa saima panjira yake. Mtsikanayo anakhala pamene anayenera kukhala, lenzi n'kumuyendera mtunda wotsalawo. Dzuwa linali lokwanira, ndipo poti lenzi yake sichotsedwa, sanafunike kutsegula kamera pakati pa fumbi la ovina. Zina mwa zithunzi zokokedwa mpaka kumapeto zinatuluka zofewa chifukwa cha fumbi ndi kugwedezeka kwa manja, koma zambiri zinali zabwino. Phunziro la kuseri kwa nkhokwe sanaliiwale. Anajambula zokhazo zimene zinabwera pabwalo kudzaonedwa, ndipo lenzi sanailozetse kumene gule amachokera.

Mu Sepitembala anatsukitsa zithunzi za agogo n'kupita nazo kumudzi. Agogowo anachigwira chimodzi ndi manja awiri, n'kuchiyandikitsa kumaso. "Awa ndi amayi anga enieni," iwo anatero. "Sindinkadziwa kuti ndafanana nawo chonchi." Analamula kuti nyumba iliyonse ya mbumba ilandire chake, ndipo kumbuyo kwa chilichonse mtsikanayo analemba dzina, mfunda, mudzi ndi chaka.

Mvula itayamba agogo anadwala chifuwa, ndipo sanakhalenso pakhonde. Msuweni uja anafikadi mu Disembala, n'kuwapeza ali gone m'chipinda, thupi litatha. Anamwalira chaka cha 2025 chitangoyamba. Chithunzi chimene chinanyamulidwa patsogolo pa bokosi chinali cha pakhonde chija, duku lili kumutu, pakamwa pakuyamba kumwetulira.

Pamenepa wina asafulumire kunena kuti chakale n'chabwino nthawi zonse. Akanakhala kuti mtsikanayo akufuna kujambula maukwati m'matchalitchi ndi m'maholo kuti azipeza ndalama, kapena ana othamanga m'nyumba madzulo, kamera yatsopano ndiyo inali yoyenera, ndipo kuidikira kukanakhala nzeru. Ngakhale m'nkhani yomweyi pali chimene chinatayika. Chithunzi cha agogo akusimba nthano pamoto, malawi akuwala m'maso mwa ana, palibe, ndipo sichidzakhalaponso. Mtsikanayo amachikumbukira nthawi zonse akatsegula chimbale cha zithunzi.

Mdzukulu amene wafika pamphambano yotereyi adzifunse mafunso anayi asanatulutse ndalama. Chimene akufuna kujambula chili kutali kapena pafupi? Chili padzuwa kapena mumdima? Akagula, atsala ndi yomufikitsa kumene chinthucho chili? Ndipo funso lomaliza, limene amalume aja anawerenga ndi zala: kodi chinthucho chingadikire?